Kavalo Wotchuka wa ku America ndi Nyama Zolankhula za Kwathu

Mwezi wa June ukafika kuno kutsinde kwa Phiri la Dedza, dzuwa silichedwa kulowa, ndipo chisanu chotsika kuphiriko chimapirikitsira ana onse kumoto. Kale imeneyi inali nyengo ya nthano. Agogo ankati, "Padangokhala," ana nkuvomera kuti, "Tiri tonse," ndipo Kalulu, Fisi ndi Kamba ankalowa m'nyumbamo nayamba kulankhula ngati anthu. Lero nyama zolankhula zija sizinathe iai, koma zasamukira m'mafoni ndi m'tinyumba toonetsera kanema ta pamisika, ndipo ana amazitcha makatuni kapena zidole.

Inu amene muli kuphunzira uphunzitsi mudzakomana nazo nyama zimenezi m'kalasi, pakuti ana adzabwera nazo m'kamwa mwao ndi m'zojambula zao. Makolo ambiri, ndi aphunzitsi ena omwe, amayesa kuti katuni ali yense ngwa ana, nasiya mwana ndi foni osafunsa chimene ali kuona. Kumeneku nkulakwa. Alipo makatuni opangira akulu okhaokha, onena za uchidakwa, za imfa ndi za matenda a maganizo. M'nkhani ino tifotokoza sewero limodzi lotere lotchedwa BoJack Horseman, kenaka tiliyerekeza ndi nthano ndi gule wa kwathu, kuti tione ngati luso lophunzitsa akulu ndi nyama zoseketsa liri lachilendo kwa ife kapena iai.

Chithunzi chimayenda bwanji?

Katuni sajambulidwa kuchokera kwa munthu wamoyo. Mmisiri amalemba chithunzi cha kavalo atanyamula mwendo pang'ono, nalemba china mwendo uja utakwera pang'ononso, nachita chomwecho kufikira mwendowo utaponda pansi. Zithunzizo zikaonetsedwa motsatana ndi mofulumira, monga kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, diso limanyengeka niliona kavalo alikuyenda. Mungathe kuyesa zimenezi ndi ana anu: lembani kamunthu pangodya ya tsamba liri lonse la kope lakale, muzikasuntha pang'onopang'ono, ndipo potsegula masambawo msangamsanga ndi chala chachikulu kamunthuko kadzavina. Mau a nyamazo amalankhula ndi anthu ochita masewero, ndipo kawirikawiri amayamba kujambulidwa ndi mauwo, amisiri nkumalemba milomo pambuyo kuti igwirizane nao.

Mickey Mouse wa Walt Disney adatchuka m'chaka cha 1928, ndipo mphaka ndi khoswe uja, Tom ndi Jerry, adayamba kupirikitsana mu 1940. Pambuyo pake, pa wailesi ya kanema, makatuni ambiri adakhala a ana. Koma mu 1989 kudabwera The Simpsons, ndipo mu 1997 South Park, masewero oseka ndale, chipembedzo ndi mabanja, amene eni ake ankafuna kuseketsa akulu. BoJack Horseman lidatsata njira yomweyo, koma lidapitirira pamene anzake adalekera.

Nkhani ya BoJack

Adapeka seweroli ndi Raphael Bob-Waksberg, ndipo maonekedwe a nyama zake adalemba ndi mai wina waluso, Lisa Hanawalt. Kampani ya Netflix idayamba kulionetsa pa 22 August 2014, nilitha pa 31 January 2020. Lidatuluka m'mitolo 6, ndipo zigawo zake zonse ndi 77, chiri chonse cha mphindi ngati 25. M'dziko la seweroli anthu ndi nyama amakhalira pamodzi: nyama zimavala malaya, zimayendetsa galimoto, zimakwatirana ndi anthu, ndipo palibe wodabwa.

BoJack, amene mau ake amalankhula ndi Will Arnett, ndi kavalo wa zaka zopitirira 50. M'nkhanimo timamva kuti kuyambira 1987 mpaka 1996 iye anali mwini sewero lokondedwa la pa kanema lotchedwa Horsin' Around, m'mene ankakhala kavalo wachifundo wolera ana atatu amasiye. Sewero lija litatha, BoJack adatsala ndi ndalama zambiri, nyumba yaikulu pamwamba pa phiri mu mzinda wa Los Angeles, ndi botolo. Masiku ake amatha alikumwa ndi kuonerera zithunzi zake zakale. Omzungulira ndi anai: Princess Carolyn, mphaka wamkazi wakhama amene amamfunira ntchito, Diane Nguyen, mai wophunzira amene adalembedwa ntchito yomlembera buku la moyo wake, Mr. Peanutbutter, galu wachikasu wosekerera nthawi zonse. Ndi Todd Chavez, mnyamata wopanda ntchito wogona pampando m'nyumba mwake.

Poyamba munthu amayesa kuti zonsezi nzongoseketsa, pakuti nthabwala ziri paliponse. Koma pang'onopang'ono zolakwa za kavaloyo zimaululika. Adali ndi bwenzi lake, Herb Kazzaz, amene adapeka Horsin' Around namkweza iye kuchokera pansi. Pamene akulu a kampani adafuna kuchotsa Herb ntchito, BoJack adalonjeza kuti adzamuimira, koma poopa kutaya malo ake adakhala chete. Patapita zaka pafupifupi 20, Herb alikudwala khansa, BoJack adapita kukapepesa, ndipo Herb adakana kumkhululukira. Adaliponso Sarah Lynn, amene ankakhala mwana wamng'ono m'sewero lija, nakula nkukhala woimba wotchuka wogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mtsikanayo atatha miyezi 9 osalawa kanthu, BoJack adamuitana kuti akamwe naye, ndipo atayendayenda masabata angapo ali chiledzerere, Sarah Lynn adafa ndi mankhwala a heroin. Pambuyo pake zidadziwika kuti BoJack adadikira mphindi 17 asanaitane thandizo, pofuna kuyamba wabisa mbiri yake.

M'mtolo wachisanu BoJack adavulala msana pantchito nazolowera mapiritsi opha ululu, kufikira tsiku lina adakanyanga pakhosi mai wochita naye sewero. Adapita kunyumba yothandizira ofuna kuleka mowa ndi mankhwala, naleka ndithu, nayamba kuphunzitsa za masewero pa yunivesite ya Wesleyan. Koma atolankhani adafukula za imfa ya Sarah Lynn, anthu adamfulatira, iye nabwerera kubotolo. Adathyola nyumba yake yakale imene adali atagulitsa, natsala pang'ono kumira m'dziwe losambira la panyumbapo, ndipo adagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 14. Sewero limatha iye atakhala padenga ndi Diane usiku, onse awiri alikudziwa kuti mwina sadzalankhulananso.

Zingwe zitatu zopotana

Eni sewero adaonetsa kuti kutchuka, uchidakwa ndi kukhumudwa ziri ngati nkhosi zitatu za chingwe chimodzi. BoJack adakula m'nyumba yopanda chikondi. Atate wake, Butterscotch, adali wolemba mabuku wolephera ndi wokonda mowa. Mai wake, Beatrice, ankamuuza kuyambira ali mwana kuti iye ndiye adaononga moyo wao. Mwanayo adaphunzira kuti anthu amamuyang'ana ndi maso abwino pokhapo alikuwaseketsa, ndipo adakula alikufunafuna m'manja mwa anthu osawadziwa chimene adachisowa pamiyendo pa make. Koma kuomba m'manja kumatha, munthu nkubwerera kunyumba yekha. Pamenepo mau a mumtima amayamba kumneneza kuti ngwachabechabe, iye namwa kuti mauwo atonthole. Akaledzera amalakwira omkonda; kukacha manyazi amakula, mau aja nakwera; tsono amamwanso. Anthu amene amapindula ndi dzina lake amambisira zolakwa, motero palibe womtsina khutu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Seweroli limabwereranso m'mbuyo kukationetsa Beatrice ali kamtsikana. Mlongo wake adafera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mai wake adasokonezeka ndi chisoni, ndipo atate wake, mmalo momtonthoza mkazi wao, adamtumiza kuti akamchite opaleshoni ya ubongo imene idamsiya ngati chipukupuku. Motero tiona kuti nkhanza za Beatrice zidali ndi kochokera, ndi kuti bala losatsukidwa limatsikira kwa ana ndi adzukulu. Komabe eni sewero sadalole kuti zimenezi zikhale pobisalira. Tsiku lina Todd, amene onse amamuyesa chitsiru, adauza BoJack maso ndi maso kuti aleke kunamizira mowa ndi ubwana wake, pakuti wochita zoipazo ndi iye mwini. Mfundo ziwirizi, yakuti munthu ali ndi chomwe chidampweteka ndi yakuti ayenerabe kuyankha mlandu wa zochita zake, seweroli limazigwira zonse pamodzi osataya imodzi.

Chifukwa ninji nyama?

Mwana wa Mchewa kapena wa Mngoni sangadabwe kuona kavalo alikulankhula. Makolo athu adadziwa kale kuti choonadi chowawa chimamezeka bwino chikavala ubweya. Mukanena pagulu kuti mkulu wakutiwakuti ngwadyera, mwaputa mlandu. Koma mukasimba za Fisi, onse amaseka, ndipo mwini dyera amaseka nao, kenaka nkukalingalira ali pamphasa. Nyama imateteza wokamba, imatetezanso womvera, pakuti munthu amayamba waseka asanazindikire kuti alikudziseka yekha. Tikadaona munthu weniweni alikusanza mowa pakhomo pake, tikadatembenuza nkhope. Koma poti ndi kavalo, timayang'anabe, ndipo chisoni chimatipeza titatsegula kale mtima.

Koma pali kusiyana kumene mphunzitsi wa chinenero ayenera kukuzindikira. Kumbukirani nthano ya chitsime: kudagwa chirala, nyama zonse zidakumba, Kalulu adakana, koma ankabwera kudzanyenga alonda ndi uchi namatunga madzi, kufikira Kamba adamgwira. Mawa lake agogo akayamba nthano yina, Kalulu ali bwinobwino, wopanda chipsera, ndipo Fisi amene adafa dzulo ali moyo. Chimodzimodzi Tom: amaphwanyidwa ndi chitseko nakhala ngati chikumba, koma pakamphindi wadzuka. M'nthano zotere dziko limayambanso mwatsopano usiku uli wonse. M'sewero la BoJack madzi akatayika saoleka. Eni ake adaonetsa lamulo limeneli ngakhale m'nthabwala: m'mtolo woyamba BoJack ataledzera adaba chirembo chotsiriza pa chikwangwani chachikulu cha paphiri cholembedwa Hollywood, ndipo kuyambira pamenepo anthu onse a m'seweromo adayamba kutcha malowo Hollywoo, zaka ndi zaka. Choseketsa chimatsala m'mene chagwera, ndipo chomvetsa chisoni chimateronso: Sarah Lynn sadauke.

Zirombo za pabwalo

Ngati tifuna mbale weniweni wa seweroli kwathu kuno, tisamfune m'nthano za ana, koma pabwalo la gule wamkulu. Za kudambwe sitinena, pakuti ziri ndi eni ake. Tinena zokhazo zimene ali yense amaona ndi maso dzuwa likuswa mtengo.

Boma lino la Dedza ndilo losunga mboni zakale za luso limeneli. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, monga Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira nza Akafula, koma zoyera adalemba ndi Achewa, ndipo zambiri mwa izo ndi maonekedwe a nyama okhudzana ndi nyau ndi chinamwali. Gule wamkulu mwini wake adalemekezedwa ndi bungwe lomwelo mu 2005, monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kutsika chigwa kumka kunyanja, pa Mishoni ya Mua imene idayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher Chisale adakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare ya pomwepo muli nkhope za gule mazanamazana, iri yonse ndi tanthauzo lake.

Wopita kubwalo amaona Kasiyamaliro wa maonekedwe a nyama ya nyanga, amene amasungidwira ulemu waukulu. Amaona Chadzunda, nkhalamba yotsimphina imene imasanduka mnyamata ng'oma zikakolera. Amaona Maliya ndi manyazi ake, ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Zirombo zambiri zimaphunzitsa mwa kuchita zosayenera: china chimadzandira ngati chidakwa, china chimanyada, china chimachita zachisembwere, ndipo amai poyimba ndi kuomba m'manja amaseka khalidwelo kuti mudzi wonse uone kuipa kwake. Zimenezi zimachitika pamaliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, ndiye kuti pa nthawi zolemera koposa m'moyo wa mudzi. Gule sadaime malo amodzi: chachilendo chiri chonse chimene chidadodometsa anthu, galimoto, ndege, msilikali, chidalowa m'bwalo. Ndipo kutchuka nako kudalowa. M'nyumba yosungira zakale ya Brooklyn ku New York muli nkhope ya nyau ya Achewa yosemedwa motsanzira Elvis Presley, woimba wa ku America amene dziko lonse linkamdziwa, ndipo adafa mu 1977 ali ndi zaka 42 zokha, thupi lake litafooka ndi mapiritsi. Taonani tsono: amisiri a kumudzi adatenga munthu wotchuka wa kutsidya kwa nyanja namsandutsa chirombo cha pabwalo zaka zambiri Netflix isanasandutse munthu wotere kukhala kavalo.

Kuseka pamaliro nakonso si kwachilendo kwa ife. Chigawo china chotamandidwa cha BoJack nchakuti iye waima pamaliro a mai wake, nalankhula yekha pafupifupi chigawo chonse, alikusakaniza nthabwala ndi madandaulo a mwana amene adadikira moyo wonse kuti make amuone. Potsiriza atsegula bokosi napeza kuti walowa m'chipinda cha maliro a eni ake. Ife tidziwa adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro, komanso ali ndi ufulu wochita nthabwala pasiwa ndi kutsanzira malemu, kuti ofedwa apumeko. Amene sadziwa mwambo amayesa chipongwe, koma ndi mankhwala.

Kusiyana kwakukulu nkumeneku: pabwalo munthu saseka yekha. Chidakwa cha m'mudzi chikaona chirombo chikudzandira, pambali pake pali atsibweni ake, mkazi wake ndi anyakwawa, ndipo mawa alipo womuitanira paseri kukamlangiza. Woonera pafoni ali yekha m'chipinda usiku. Angathe kudzizindikira mwa kavaloyo nafuna thandizo, monga ambiri achitira. Koma angathenso kumkonda nayesa kuti kuledzera ndi kunyoza anthu ndiko kuchenjera. Eni sewero adaiona ngozi imeneyi, ndipo m'mtolo wachisanu adaika Diane kuti adandaule poona kuti sewero lina limene ankathandiza kulemba linkapatsa anthu oipa mtima woti ali bwino m'mene aliri.

Mau a chinenero chathu

Popeza magazini ino nja maphunziro a chinenero, tiyeni tiyese mau athu pa nkhani zitatuzi. Liu lakuti mbiri liri ndi nzeru yobisika: limatanthauza zakale za mtundu, limatanthauza kutchuka, limatanthauzanso mphekesera yoipa, monga tikati, "Wamveka mbiri." Mchewa adaona kuti zitatuzi zimayenda njira imodzi. Ulemu ndi wina: umapatsidwa ndi anthu okudziwa, pamene kutchuka kumachokera kwa anthu osakudziwa. BoJack adali ndi mbiri, koma ulemu adalibe.

Pa za mowa tiri ndi mau okwanira. Chizolowezi ndicho chimene munthu amachita kawirikawiri. Chibaba ndi njala ya thupi yofuna fodya kapena mowa. Matsire ndi kudwala kwa m'mawa. Uchidakwa ndi pamene munthu sangathenso kudziletsa ngakhale aona banja likupasuka. Thupi likazolowera, limafuna wambiri kuti limve chimene kale linkamva ndi wochepa, ndipo likausowa manja amanjenjemera, thukuta nkumatuluka, tulo nkusowa. Nchifukwa chake kungomuuza munthu wotere kuti "leka" sikukwanira, ndipo amene wamwa kwambiri zaka zambiri ayenera kuleka mothandizidwa ndi achipatala, pakuti kuleka mwadzidzidzi kungamdwalitse koopsa. Dziko lathu lidaona m'mene mowa wotsika mtengo wa m'masacheti udalowera mpaka m'matumba a ana a sukulu, kufikira boma lidauletsa mu 2015.

Povuta mpa nthenda yachitatu. Tiri ndi chisoni, cha munthu wofedwa. Tiri ndi nkhawa, ya munthu woopa za mawa. Tiri ndi misala, liu limene timaopa ndi kunyoza nalo. Koma nthenda ya BoJack ndi Diane siiri mwa atatuwa, ndipo achipatala masiku ano amaitcha matenda okhumudwa kapena kuvutika maganizo. Zizindikiro zake ndi izi: munthu amakhala wolefuka mtima pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposa, zimene ankakonda sizimkomeranso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zimasokonezeka, amatopa msanga, amadziona wopanda pake, ndipo nthawi zina amaganiza zodzipha. Bungwe la WHO lidawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni pa dziko lonse adali ndi nthendayi. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo imachizika ndi uphungu ndi mankhwala. M'seweromo Diane adakana mankhwala nthawi yaitali, kenaka adayamba kumwa, nanenepa, napeza bwino, ndipo eni sewero sadamseke ngakhale kamodzi chifukwa cha kunenepako. Mowa umaoneka ngati upepuza nthendayi madzulo, koma umaikuza m'mawa.

Zimene mphunzitsi angatolepo

Choyamba, BoJack Horseman si sewero la ana. Muli kutukwana, chiwerewere ndi mankhwala ozunguza bongo. Musalionetse m'kalasi, ndipo katuni ali yense amene mufuna kuonetsa ana muyambe mwamuona nokha mpaka kumapeto. Pamsonkhano wa makolo afotokozereni kuti kujambula kwa zidole sikutanthauza kuti nkhani yake nja ana.

Chachiwiri, tengani luso lake, musiye zonyansa zake. Mukatha kusimba nthano m'Sitandade 5 kapena 6, funsani ana kuti, "Nanga kutacha kudachitika zotani? Mlonda uja adanyengedwa ndi uchi adawayang'ana bwanji anzake? Ana a Fisi adadya chiyani atate ao atafa ndi dyera?" Auzeni alembe chimangirizo cha tsiku lotsatira. Potero mwana amaphunzira kuti chochita chiri chonse chiri ndi mawa lake, ndipo mwina wina adzalemba za Fisi zimene sakadatha kunena za kwao.

Chachitatu, yang'anani ana anu. Mwana wogona m'kalasi, wodzidzimuka mukakweza mau, kapena woseketsa anzake kosalekeza, mwina adachezera phokoso la kholo loledzera. Musamtche mwana wa chidakwa, ndipo musamfunse pamaso pa anzake. Lankhulani naye pambali, dziwitsani mphunzitsi wamkulu, ndipo gwirizanani ndi gulu la amai la pasukulupo. Mwana akanena zofuna kufa, musayese nthabwala. Tsiku lomwelo akulu omsamala adziwe, ndipo apite naye kuchipatala.

Chachinai, chenjerani ndi m'mene muyamikira. Sarah Lynn adaphunzitsidwa ali wamng'ono kuti ntchito yake ndi kukondweretsa oonerera, osaleka ngakhale atatopa. M'sukulu zathu aliponso ana otchuka: woyamba m'mayeso, wogoletsa zigoli, woimba patsogolo pa kwaya. Muwayamikire khama lao, koma adziwe kuti tsiku limene adzalephera mudzawalandirabe ndi nkhope yomweyo. M'mera mpoyamba.

Chotsiriza chikhudza inu eni. Ambiri a inu mudzatumizidwa kusukulu zakutali ndi kwanu, kumene mudzi wonse udzakudziwani dzina, ana nkumakugwadirani panjira, akulu nkumakuitanani "aphunzitsi" ngakhale muli ndi zaka 22. Kumeneko nkutchuka ndithu, ngakhale kuli kwa mudzi umodzi, ndipo kuli ndi msampha womwe uja: onse akudziwani, koma palibe amene mungamuuze kuti usiku simugona. Mwezi ukatha ndalama ziri m'thumba, madzulo ngozizira, ndipo kachasu ali pafupi. Aphunzitsi abwino ambiri adayamba ndi kapu imodzi yochotsa chisanu. Mutu umodzi susenza denga: funani mnzanu mmodzi wonena naye zoona, ndipo mukaona zizindikiro tatchula zija mwa inu kapena mwa mnzanu, pitani kuchipatala cha boma mukafunse wothandiza za matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ziripo chifukwa cha ntchito yomweyi, ndipo kupitako si manyazi.

Pa tchuthi chikudzachi, yense wa inu akapemphe agogo kapena nkhalamba ya m'mudzi mwao kuti imsimbire nthano imodzi ya mowa, ya dyera kapena ya munthu wofuna kutamandidwa. Mukailembe m'mau ake enieni a wosimbayo, osakonza, pamodzi ndi dzina la mudzi, ndipo mukamfunsenso kuti nthanoyo ankasimbira ana kapena akulu. Pobwera tidzaziika pamodzi ndi kuziyerekeza, kuti tione zimene makolo athu adanena kale pa matenda amene kavalo wa ku America adadwala.